Thanki ya Bambo Absalom

Inali sabata yachitatu Tiyanjana asakuyankha. Silas ankatumiza meseji m'mawa, timizere tiwiri tija n'kusanduka tabuluu kusonyeza kuti wawerenga, kenako zii. Chinthu chokhacho chakunyumba kwa mtsikanayo chomwe chinali chidakali m'manja mwake inali thanki ya njinga yamoto ya bambo ake.

Njingayo inali ya bambo Absalom. Ankayendera popita kuntchito ku Loughborough mpaka tsiku lomwe sitiroko inawagwetsa m'khitchini, zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Chiyambire pamenepo inangokhala m'kashedi kuseri kwa nyumba yawo ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester ku England, petulo ali momwemo. Silas atapita kukaonekera kwa makolowo mu Okutobala, mkuluyo sanamufunse zambiri. Anangomutengera kushedi, akukoka mwendo wamanja, n'kuvundukula lona.

"Akuti ndiwe makaniko," anatero, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa. "Kukwera sindidzakweranso, ndikudziwa. Ndikungofuna ndiimve ikulira."

Silas anatsegula chivindikiro n'kuwalitsamo tochi ya pafoni. Mkati monse munali psuu ndi dzimbiri, fungo lake ngati la penti wokhalitsa. Tsiku lomwelo anaimasula thankiyo, anaikulunga m'bulangete, n'kukwera nayo basi akumwetulira yekha njira yonse.

Tsopano kunali kumapeto kwa Novembala, ndipo kumwetulira kuja kunali kutatha.

*

Galaja yomwe ankagwiriramo inali ya bambo Jusab, mmwenye wobadwira ku Limbe yemwe anabwera ku Leicester ali mnyamata koma Chichewa osachitaya. Silas sankaloledwa kugwira ntchito yolipidwa poti mapepala ake okhalira m'dzikomo anali asanatuluke. Bambo Jusab anamupatsa benchi imodzi pakona kuti manja asamangokhala, mutu ungasokonekere.

M'mawa umenewo Silas anali atatsanulira mabawuti ndi manati odzaza manja awiri m'thankimo, n'kutseka mabowo onse. Ankaigwedeza uku ndi uku kuti zitsulozo zipale dzimbiri lokakamira, phokoso lili wayawaya galaja yonse.

"Iwe, thankiyo yakulakwira chiyani?" anafunsa bambo Jusab akutsitsa magalasi. "Ukuigwedeza ngati ndiyo inatumiza voisi ija."

Silas anaiika pabenchi, akupumira m'mwamba.

Nkhani ya voisiyo bambo Jusab ankaidziwa yonse. Zaka ziwiri m'mbuyomo, Silas asanakumane ndi Tiyanjana, anyamata a pagulu lina la WhatsApp la Amalawi ankaseka za mavuto a mapepala. Silas naye anajambula mawu ake akuseka: "Ine ndikangopeza wa pasipoti yofiira, kaya alibe mano, mawa lomwe ukwati." Pagulupo panali Sheila, mtsikana amene ankamuphikira n'kumamubweretsera chakudya m'makontena mpaka tsiku lomwe Silas anamuuza poyera kuti mtima wake suli kumeneko. Sheila sanafufute voisiyo. Atamva kuti Silas wakaonekera ku Beaumont Leys, anaifowada kwa mayi Dorica, amayi ake a Tiyanjana, omwe ankaimba nawo kwaya kutchalitchi. Mayi Dorica anaiseweretsa patebulo banja likudya. Tiyanjana anabwera ku England ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pasipoti yake inali yofiira, ya nzika ya dzikolo.

Foni inalira m'thumba la ovolosi. Silas anaitulutsa mofulumira mpaka inatsala pang'ono kugwa. Sanali Tiyanjana.

"Ndine mayi ake a Tiyanjana."

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka. Chitsulo cha bambo chija mubweze. Kaya mwakonza kaya simunakonze, mubweze. Sitikufuna chilichonse chotilumikiza ndi inu."

"Mayi, ndangotsala pang'ono. Mukandipatsa sabata imodzi..."

"A Silas, ine ndinatsuka zimbudzi za azungu zaka zisanu ndi zitatu kuti mwana ameneyu akhale ndi buku lofiira lija. Simudzakwerera pamsana pake. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

Foni inaduka. Bambo Jusab anabwerera pansi pa galimoto yomwe ankakonza.

*

Mabawuti aja atachotsa dzimbiri lokhuthala, Silas anadzaza thankiyo ndi viniga n'kuisiya masiku atatu. Lachinayi anaikhuthula. Zomwe zinatuluka zinali zabii ngati tiyi wopanda mkaka, muli zinyenyeswa. Anatsukuluza ndi madzi a soda kanayi, kenako n'kulowetsa choumitsira tsitsi pakamwa pa thankiyo mpaka chitsulo chinatentha m'manja. Atawalitsamo tochi, mkati munali mwayera, koma pansi, pafupi ndi msoko, kuwala kunkatulukira pa timabowo tiwiri tating'ono ngati toboola ndi singano.

"Dzimbiri ndi lomwe linkatseka pamenepo," anatero bambo Jusab atasuzumira. "Mwana wanga, eni ake anena kuti ubweze. Ibweze. Ukuvutikiranji?"

"Amene anena si amene anandipatsa."

"Ukuganiza kuti njinga ikalira, mtsikana abwerera?"

Silas anang'amba tepi n'kumata timabowo tija kunja kwake, akusisita ndi chala chachikulu.

"Sindikuganiza chilichonse, bambo. Ndikaisiya thankiyi ndizidzuka m'mawa kuti ndichite chiyani?"

Bambo Jusab anatsegula kabati n'kutulutsa zitini ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono.

"Utomoni womatira mkati ndi uwu. Ukasakaniza ziwirizi, uli ndi mphindi makumi awiri usanayambe kulimba. Uziitembenuza osaima. Ukangoiika pansi, wonse ukaundana malo amodzi, ndiye kuti thanki yatha ntchito."

*

Lachisanu masana bambo Jusab anapita kumzikiti. Silas anayatsa hita kuti m'galajamo mufunde, anasakaniza zitini zija mpaka utomoni unakhala mtundu umodzi, anautsanulira m'thanki, n'kumata pakamwa pake. Anali atangoitembenuza kawiri pamene chitseko chaching'ono chinatseguka.

Anali Tiyanjana. Anavala yunifolomu yakuntchito kwake kunyumba yosamalira okalamba, jekete lonyowa pamwamba. Anali ataonda. Silas anapitiriza kutembenuza thankiyo.

"Ndabwera kudzatenga thanki ya adadi," anatero, maso ali pabenchi.

"Siingachoke lero. Ndangothira kumene utomoni."

"Ndiye iikeni pansi tikambirane za tsiku."

"Sindingaiike pansi, Tiya. Iwonongeka." Anaipendeketsa kumanzere. Thankiyo inaterereka pang'ono pa ovolosi. "Chonde, gwira mbali iyo. Mphindi zochepa chabe. Si za ine, ndi za adadi ako."

Tiyanjana anaima kaye. Kenako anaika chikwama pampando, anakwinya manja a jekete, n'kugwira kumbuyo kwa thankiyo. Anayamba kuitembenuza awiri, pang'onopang'ono, utomoni ukuyenda mkati mosamveka.

"Bwanji ukunditchula kuti inu?" anafunsa Silas.

"Chifukwa sindikukudziwani."

"Chaka ndi theka, sukundidziwa?"

"Mawu aja ndi anu?"

"Ndi anga."

Tiyanjana anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mukudziwa, ndili m'basi ndimapemphera kuti munene kuti Sheila anachita kupanga pakompyuta. Ndikanakhulupirira. Ndinabwera wokonzeka kukhulupirira bodza lililonse."

"Sindingakunamize. Ndinanena. Tinali anyamata otopa, tikuseka zinthu zomwe zinkatiliza. Iwe ndinali ndisanakuone n'komwe. Kweza kumbuyoko pang'ono."

Anakweza. Mitu yawo inayandikana mpaka Silas anamva fungo la mafuta a m'tsitsi lake.

"Deti la voisiyo ndinaliona," anatero Tiyanjana. "Ndikudziwa kuti ndi zakale. Chomwe chikundidwalitsa si chimenecho. Tsiku lomwe tinakumana pamalo okwerera basi ku Haymarket, munandifunsa dzina. Funso lachiwiri linali loti chiyani?"

Silas anapendeketsa thankiyo kumanja.

"Munandifunsa kuti ndinabwera liti kuno. Ndakhala ndikulitembenuza funso limenelo masabata atatu."

"Aliyense amafunsa zimenezo, Tiya. Mmalawi aliyense akakumana ndi mnzake."

"Eya. N'chifukwa chake sindidzadziwa." Misozi inayamba kutsika, ndipo poti manja onse anali pathanki, sakanatha kuipukuta. Inangoyenderera mpaka kuchibwano. "Ndikakumbukira tsiku lomwe munandidikira maola awiri pamvula shifiti yanga itatalika, ndimati uyu amandikonda. Kenako ndimati, munthu wofuna kukhala m'dziko angalephere kudikira maola awiri? Chilichonse chabwino chomwe munandichitira chili ndi nkhope ziwiri tsopano. Mwandilanda ngakhale zokumbukira."

"Ndichite chiyani kuti ukhulupirire?"

"Palibe. Ndi pomwe pakupweteka."

Anaigadabuza thankiyo kuti utomoni ufike kudenga kwake. Kunja basi inadutsa ikuthovola madzi.

"James wabwera kunyumba kawiri," anatero Tiyanjana motsitsa mawu.

Silas ankamudziwa James, injiniya wa ku Loughborough, mwana wa mnzawo wa mayi Dorica. Kalekale mayiwo ankamutchula m'nkhani iliyonse.

"Amayi akuti azakhali a James abwera pa Khirisimasi kudzalankhula."

"Umamukonda?"

"Ndi munthu waulemu."

"Sindinafunse zimenezo."

"Akandiyang'ana sindidzifunsa kuti akuona chiyani. Ali nayo yake pasipoti."

Silas anaitembenuza thankiyo komaliza. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mphindi zija zinali zitakwana. Anamatula tepi ya pansi, pomwe pamakhala kampopi ka petulo, ndipo utomoni wotsala unayamba kudontha m'chitini, wokhuthala ngati uchi. Onse awiri anauyang'ana mpaka dontho lomaliza.

"Masiku anayi kuti uume," anatero Silas. "Ndibweretsa Lachitatu."

Tiyanjana anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete n'kutenga chikwama. Atafika pachitseko anaima, osatembenuka.

"Usamanditumizirenso mameseji. Ndimawerenga onse. Kenako ndimakalowa m'chimbudzi cha kuntchito kukalira, agogo aja akundidikira kuti ndiwadyetse."

Chitseko chinatsekeka. Bambo Jusab pobwera anamupeza atakhala pansi pa simenti, msana utatsamira benchi, hita ikuwomba mpweya pamalo opanda munthu.

*

Sanatumize meseji. Loweruka analemba zinayi n'kuzifufuta zonse. Lamlungu sanapite kutchalitchi poopa kukumana ndi Sheila, chifukwa sankadziwa chomwe pakamwa pake pangatulutse. Tsiku lililonse ankangopita kugalaja, n'kulowetsa chala m'thanki kuti amve ngati mukumatabe. Lachiwiri madzulo munali mutauma gwa, mosalala ngati mkati mwa kapu.

Lachitatu cha m'ma leveni anatsika basi ku Beaumont Leys atanyamula bulangete lija. Pakhomo panali galimoto yotuwa, injini ikulira. Mayi Dorica anali atakhala kale kutsogolo. Tiyanjana anali kumbuyo, nkhope atalozetsa kuwindo la mbali inayo. James, wamtali, wovala juzi yabwino, anatsika n'kumupatsa dzanja.

"Ndinu amakaniko aja? Mwachita bwino kwambiri. Bambo akhala akuifunsa." Analankhula mokoma, mopanda chipongwe chilichonse, ndipo zimenezo zinamupweteka Silas kuposa kutukwanidwa. "Ife tikuthamangira ku Loughborough, azakhali akufuna kuwaona awa. Bambo ali kuseri."

Mayi Dorica anatsitsa galasi theka. "Mukasiya, muzipita."

Galimoto inanyamuka. Silas anaiyang'ana mpaka inakhota. Tiyanjana sanacheuke.

*

Bambo Absalom anali atakhala pampando wapulasitiki pakhomo pa shedi, atafunda chikhoti. Silas anagwada pang'ono powapatsa moni, n'kufunyulula bulangete. Mkuluyo anasuzumira m'thanki ndi tochi, anagwedeza mutu.

"Ndimati ndingosiya, bambo. Mayi anena kuti..."

"Njinga ndi ya mayi? Manga."

Silas anamanga. Anaika paipi yatsopano ndi kasefa ka petulo, anatsuka kabuleta, anasintha pulagi ndi oyilo. Anathira petulo wa m'kachigubu komwe anabwera nako, n'kugona pansi kuyang'ana pamsoko paja. Panali pouma. Anaponda kiki kasanu, njinga ili duu. Kachisanu ndi chimodzi inatsokomola. Kachisanu ndi chiwiri inagwira, utsi wabuluu n'kudzaza shedi yonse.

Bambo Absalom anatambasula dzanja lamanzere n'kuligwiritsa pa handulo kuti amve kunjenjemera kwake. Anatseka maso. Milomo inkagwedezeka koma mawu sankamveka. Silas anayang'ana kumbali kuti asawaone akulira.

Patapita nthawi mkuluyo anamukodola kuti azimitse.

"Khala apa." Analoza chidebe chovundikira. Mawu awo ankabwera amodziamodzi, movutikira. "Voisi yako ija ndinaimva katatu. Amayi ake a Tiya anakwiya. Ine ndinakumbuka chipinda china ku Highfields, chaka chomwe ndinafika. Tinkagona asanu ndi mmodzi. Zomwe tinkalankhula m'menemo, akanatijambula, palibe akanakwatira."

Silas anaweramitsa mutu.

"Mwana wanga sakudya. Ndimamuona. James ndi mwana wabwino, koma akabwera, Tiya amakhala ngati ali pamzere wa kuchipatala." Anapuma. "Ndiwe wabodza kapena ayi, sindikudziwa. Mtima wa munthu sindingauwalitse tochi. Koma pali njira imodzi yodziwira."

"Nenani, bambo."

"Dzina la mwana wanga lisadzaoneke pa fomu yako iliyonse. Ngakhale kalata, ngakhale chithunzi. Mapepala upeze pawekha. Ukandilonjeza zimenezo, azakhali a James sadzalowa m'nyumba muno pa Khirisimasi. Amayi ake a Tiya ndilankhula nawo ndine."

Kwa nthawi yoyamba m'mwezi wathunthu, Silas anamva mpweya ukufika pansi pa chifuwa.

"Ndikulonjeza, bambo. Pamaso pa Mulungu. Nkhani yanga ili ndi loya, ikuyenda payokha. Tiya sindinamulembepo, ndipo sindidzamulemba."

Mkuluyo anamupatsa dzanja lamanzere, lomwe linali ndi mphamvu, n'kumufinya mpaka zala zinawawa.

"Ilizenso kamodzi usanapite. Ndikufuna ndimuimbire munthu wina aimve."

*

Pamalo odikirira basi, pafupi ndi mashopu, Silas anakhala pabenchi bulangete lili pamiyendo, manja akununkha petulo. Ankaganiza zoti akawauze chiyani bambo Jusab. Foni italira, anaona dzina la Mehrunisa, loya wake, mwana wa mchemwali wawo wa bambo Jusab yemweyo.

"A Silas, muli pamalo poti tingalankhule?"

"Ndili pa basi sitopu. Lankhulani."

"Kalata ija yafika m'mawa uno. Pepani. Akana pempho lanu lokhala m'dziko muno."

Silas anayang'ana msewu. Mayi wina ankawoloka akukankha ngolo ya mwana, mphepo ikumuulutsira sikafu.

"Tili ndi masiku khumi ndi anayi ochitira apilo," anapitiriza Mehrunisa. "Ndikuuzani zoona, mfundo zomwe tinapereka poyamba zatha mphamvu. Chatsala ndi chimodzi. Malume anandiuza kuti muli pachibwenzi chaka ndi theka ndi mtsikana yemwe ndi nzika ya kuno, ndipo mwakaonekera kale kwa makolo. Ndikufuna kalata yolemba yekha, zithunzi zanu, mameseji, ndi kope ya pasipoti yake. Tsiku la khoti adzabwere adzalankhule."

"Popanda zimenezo?"

"Popanda zimenezo, ndikhala ndikukunamizani ndikati pali chogwira. Akhoza kukutumizani kwanu chaka chisanafike pakati."

Basi inafika n'kutsegula chitseko. Dalaivala anamuyang'ana, anadikira pang'ono, kenako anatseka n'kupita.

Foni inanjenjemera pakhutu. Silas anaichotsa kuti aone. Inali meseji yochokera kwa Tiyanjana, yoyamba m'masabata anayi.

"Adadi andiimbira ndili patebulo kwa azakhali a James. Ndaimva njinga. Andiuzanso zomwe wawalonjeza. Ngati ndi zoona, Silas, tikumane mawa ndikaweruka. Chonde, zikhale zoona."

Anaiwerenga kawiri. Mawu a loya ankamvekabe chapansipansi m'dzanja lake.

"A Silas, mukundimva? Nthawi tilibe. Ndimuimbire ineyo, kapena mumuuza nokha?"